Masamba a m'kapu ya bambo

Ndikukumbukira chaka chomwe bambo anakwatiranso. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu ku Kasinje, mayi anga atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Mkazi watsopanoyo anali aNangozo, ochokera kumtunda cha ku Nzama. Anali ofatsa, osayankhulayankhula, ndipo ine sindinkawafuna ngakhale pang'ono. Kufatsa kwawoko ndiye kunkandikayikitsa kwambiri.

Atangofika anadzala kachomera kena kuseri kwa bafa, pomwe pankatsikira madzi osamba. Masamba ake anali aatali, aubweya, ndipo ukawafikisa m'manja fungo lake lozizira linkalowa mpaka m'mutu. M'mawa uliwonse ankathyola nsonga zitatu n'kuponya m'kapu ya bambo. Ya bambo yokha! Ine ndinkamwa tiyi wamba.

Ndiye bambowo anasintha. Munthu woti chibwerere ku migodi ya ku Joni ankangokhalira kukalipa, anayamba kuseka. Tsiku lina mpaka anathamangira kukawatula ndowa aNangozo, anthu akuona. Ku mjigo amayi anayamba kutsinana. "Iii, aMaseko aja basi, awadyetsa khuzumule."

Ndinathamangira kwa azakhali, alongo awo a bambo. "Ndaona ndi maso angawa, akuwathirira mankhwala m'tiyi." Poona kuti atchera khutu, ndinathirapo mchere, ndinati pothyola masambawo amanong'ona mawu. Limenelo linali bodza langa ndekha.

Azakhali sanachedwe. Loweruka masana ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo azakhali ananena poyera kuti mkazi ameneyu abwerere kwawo tsiku lomwelo. ANangozo sanadziteteze. Anawiritsa madzi, anathyola masamba aja ife tikuona, anamwa iwo koyamba, kenako kapu inazungulira. Nkhoswe wa aNangozo atanunkhiza anapukusa mutu.

"Abale, si minti ameneyu? Kwathu amamera yekha m'mphepete mwa mitsinje. Timamwa chimfine chikatigwira, ngakhale m'mimba mukadzadza."

Bambo anayankhula motsitsa. Anati fumbi la mgodi linawasiyira chifuwa chomwe chinkawamana tulo, ndipo nthunzi ya masambawa inkawapeputsako. "Munthu akagona bwino akalipiranji?"

"Nanga mwanayu osamuthirira bwanji?" anafunsa azakhali.

"Chilichonse chochoka m'manja mwanga amachiyang'ana kawiri," anatero aNangozo. "Ndinkaopa kumuopsa."

"Nanga mawu onong'ona aja?"

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinangoti zyoli, chala chakuphazi chikukumba dothi. Manyazi ake sindidzawaiwala.

Banja silinathe, ndipo palibe anandimenya. Bola akanandimenya. Kuyambira tsiku limenelo, mbale iliyonse yomwe aNangozo ankandipatsa ankayamba alawa iwo ine ndikuona, monga timachitira ndi mlendo pochotsa ufiti. Phala, mbatata, ngakhale madzi akumwa. Sankachita mokwiya ayi, ankangolawa n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinawapempha kangapo kuti asiye, iwo n'kumwetulira, mawa lake n'kulawanso, mpaka ndinapita ku sekondale.

Nthawi imeneyo ndinkati n'chilango. Lero ndine mayi wa ana atatu, mmodzi sindinamubale ine, ndipo ndikudziwa kuti sanali kundilanga. Ankandiopa. Mzimayi wamkulu, m'nyumba yakeyake, anakhala zaka zinayi akuopa pakamwa pa kamtsikana komwe ankakaphikira.