Kaufa ka pa usipa wa Hidaya

Rosa Gaspar anabadwira ku Namwera, m'banja la anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambiki ndipo sanabwererenso kwawo. Bambo ake ankalima fodya ndi chimanga. Iye anakula akukonda sayansi, mpaka anakhala mphunzitsi wa kemisitili pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi boma la Mangochi. Anakwatiwa ndi Uladi, dalaivala wa minibasi. Patchuthi ankapita kukawonjezera maphunziro, ndipo m'chaka chomaliza anauzidwa kuti achite kafukufuku wakewake.

Mutu wa kafukufukuyo anaupeza mumsika. Mlamu wake Hidaya, mchemwali wa Uladi, ankagulitsa usipa ndi utaka wouma. Tsiku lina m'dzinja Rosa anaona kuti pamabenchi ena ntchentche zinali mbwee, koma pa benchi ya Hidaya panalibe ndi imodzi yomwe youluka. Zonse zinali pansi, zakufa.

"Alamu, mwathira chiyani pansombazi?"

Hidaya anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa kapaketi. "Kaufa aka. Ambiri tikuthira masiku ano. Popanda kameneka nsomba zimachita mphutsi."

Mawu a pakapaketipo anali achipwitikizi, ena atafufutika. Rosa anakapempha n'kupita nako.

Kusukulu kwawo kunalibe mabuku a zoterezi. Chimene anali nacho ndi foni basi, ndiponso khonde la ofesi ya aphunzitsi pamene netiweki inkagwira bwinoko. Atalemba dzina la ufawo pa intaneti, tsamba loyamba linati ndi wachilengedwe, wosaopsa kwa munthu. Panalinso kanema wa bambo wina wovala gauni loyera akunyambita ufawo uku akumwetulira. Mtima wa Rosa unakhala pansi. Ankafunitsitsa zitakhala zoona, pakuti ana ake ankadya usipa womwewo.

Anatumiza tsambalo kwa mayi Matilda, amene ankamutsogolera pakafukufukuyo. Iwo anaimba foni masana omwewo.

"Rosa, tsambali walemba ndani? Watchula kafukufuku uti? Tayang'anani pansi penipeni."

Pansi penipenipo panali nambala ya foni yoodera ufawo.

"Wogulitsa sanganene zoipa za katundu wake," anatero mayi Matilda. "Dzina la malonda lisiyeni, limasintha. Mankhwala alionse ali ndi nambala yawoyawo imene akatswiri amawadziwira kulikonse. Ipezeni imeneyo."

Rosa anayesabe masamba ena. Anapeza nkhani yooneka ngati ya akatswiri, ya matebulo ndi mawu aatali. Koma atafufuza zolemba zimene nkhaniyo inati yatengako mfundo, sanapeze n'chimodzi chomwe. Anayamba kuona kuti wina anachita kukhala pansi n'kukonza bodzali mosamala, ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa ufa weniweniwo.

Loweruka anakwera phiri kupita ku Namwera kuti bambo ake, odziwa Chipwitikizi, akamuwerengere kapaketiko. Bambo ake anavala magalasi, n'kuyandikitsa kapaketiko kumaso. Anawerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera, kenaka anasiya.

"Mwanawe, zimenezi wazitenga kuti?"

"Mumsika, ababa. Akuthira pansomba."

Mkuluyo anaika kapaketiko pansi, kutali ndi mphasa. "Apa akuti ngwa m'munda. Akuti asayandikire chakudya, ana, kapena madzi akumwa. Pita ukasambe m'manja."

M'munsi mwa mawuwo munali nambala ija, m'tizilembo tating'ono.

Atailemba nambalayo pa intaneti, zinthu zinasintha. Anafika pamasamba a mabungwe a zaumoyo ndi a mayunivesite, pamene mfundo iliyonse inali ndi dzina la woilemba, chaka, ndiponso magazini imene akatswiri ena anayamba aunika asanasindikize. Sanakhulupirire tsamba limodzi. Anayerekeza angapo osadziwana, ndipo onse ananena chimodzimodzi. Mankhwalawo amatseka enzaimu, kanthu kena kopangidwa ndi thupi, imene imapumitsa mitsempha ikatha kutumiza uthenga m'thupi. Ikatsekeka, munthu amatuluka malovu ndi thukuta, manja amanjenjemera, mboni za m'maso zimachepa, kenaka kupuma kumavuta. Amalowanso kudzera pakhungu.

Rosa anakumbukira kuti Hidaya ankawaza ufawo ndi manja. Kwa nthawi ndithu ankadandaula mutu ndi kufooka, ndipo onse pabanjapo ankati ndi malungo osamva mankhwala.

Anamupeza mumsika akupukuta pakamwa ndi chitenje.

"Alamu, tiyeni kuchipatala. Ufa uja ndi poizoni."

Hidaya anaseka mofooka, n'kutulutsa foni yake. "Nanga adokotala awa akunyambitawa? Kanemayu anatitumizira ndi amene amatigulitsa."

"Mukuwadziwa dzina? Amagwira chipatala chiti?"

Hidaya anayang'ananso kanemayo. Foni inkagwedera m'dzanja mwake. Rosa anamuyang'ana m'maso. Ngakhale anali mumthunzi wa shedi, mboni zake zinali zazing'ono ngati nsonga ya singano.

Kuchipatala Rosa anaonetsa kapaketi kaja ndi zimene anapeza. Hidaya anagonekedwa, ndipo anachira pang'onopang'ono. Atabwerera mumsika sanathirenso ufawo. Koma nsomba zake zinayamba kuonongeka msanga, ndipo ogula ankamudutsa kupita pamabenchi ooneka aukhondo.

Rosa anakanena kwa a zaumoyo, ndipo iwo anayendera msikawo. Mapaketi aja anasowa. Patapita nthawi ufawo unabweranso, koma tsopano m'timajumbo topanda chilembo chilichonse. Panalibenso nambala yoti munthu afufuze. Amayi ena ogulitsa nsomba anasiya kumupatsa moni.

Kafukufuku wake anamaliza. Analembamo poyera kuti sanathe kuyeza kuchuluka kwa mankhwala otsala m'nsomba, chifukwa makina ake sanawapeze. Kotero sakudziwa kuti anthu a m'boma lonselo adya mankhwala ochuluka bwanji.

Rosa akuphunzitsabe pasukulu pomwepo. Mwezi wathawu, akuweruka, anapeza bambo wina wosamudziwa atakhala panjinga yamoto pageti, injini ikulira.

"Ndinu madamu aja ofufuza za nsomba?"

"Ndine."

Bamboyo anagwedeza mutu, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Amuna anu ndi aja a minibasi yoyera, eti? Imagona kuseri kwa msika?"

Sanadikire yankho. Anatembenuza njinga n'kulowera msewu wa ku Namwera.