Madzi ogogoda pa Mulunguzi

Tinanyamuka ku Chikanda m'mawa, mwana wanga Takondwa ali kumbuyo, m'manja ndili ndi botolo la madzi a mu mtsuko wosefera umene anandipatsa achemwali Tamanda. Iwowa amaphunzira pa koleji, ine ndimawachapira zovala. Mtsukowo anaupaka siliva wopha tizilombo, koma mwana ankalavula madzi ake, ndiye ndinkaopa kuti mwina ndikumumwetsa chiphe. Achemwali anati tikayeze kuphiri, poti m'tauni magetsi amasokoneza makina awo.

Akabaza anatchula mtengo wa azungu. Achemwali atawafunsa ngati anaonapo mzungu wobereka mwana pa chitenje, anatsitsa. Titadutsa anyamata ogulitsa mabulosi pa msewu wokhotakhota wokwera phiri, chifunga chinatimeza. Wondikwezayo anati iye salowa m'nkhalango kukachita chonchi, atidikira pamlatho.

Dzuwa linali litakwera koma pansi pa mikungudza kunali ngati madzulo. Mbalame zii. Achemwali anatunga madzi a mu mtsinje wa Mulunguzi m'kambale, kuthiramo mchere pang'ono, n'kuviikamo kawaya ka makina awo, kochepa kuposa tsitsi. Anati kachidutswa ka siliva, kosaoneka ndi maso, kakagunda kawayako kamasungunuka ndipo makina amalira kamodzi. Tinamvetsera. Palibe chinamveka.

Atathira madzi anga tinamva go. Patapita kanthawi, go. Kenaka go-go-go, ngati munthu akugogoda chitseko pamalo opanda nyumba. Madziwo anali mbee, osagwedezeka n'komwe. Takondwa anatembenuka n'kuyang'anitsitsa m'kambalemo.

Achemwali anafunsa mmene ndimatsukira mtsukowo. Ndinati ndi mchenga, ngati miphika yonse, kufuna kuti uziwala.

"Amake Tako, mchengawo ukupala siliva n'kumugwetsera m'madzi. Si wochuluka woti n'kumupweteka mwana, koma m'katimo akatha, tizilombo tizingodutsa."

Ndinafunsa ngati watha kale. Anati sakudziwa, ayeza mtsuko weniweniwo mawa.

Potsika tinagula mbatata yootcha, koma ine sinandilowe. Zimene ndinkaopa sizinali zoopsa, zoopsa zinali zimene makinawo sanalire nazo. Titafika kunyumba masana Takondwa analoza mtsuko uja, akulirira madzi. Ndinaukuta ndi chitenje, n'kumuyamwitsa uku ndikukoleza mbaula kuti ndiwiritse ena.