Nkhwangwa ya Kuseri kwa Bekale

Kuseri kwa bekale, kumene kunkatulukira utsi wa uvuni, kunali kabwalo kotchingidwa ndi malata akale. M'kabwalo kameneko ndi momwe anakalambira Amayi a Nkhuni. Dzinali anawapatsa ndi ophika buledi, ndipo linawakanirira mpaka dzina lawo lenileni linkangomveka kuchipatala.

Ntchitoyi poyamba inali ya amuna awo. Bamboyo ndiye ankawaza zipika zomwe lole inkakhuthula pamenepo, mpaka tsiku lomwe anagwa pakati pa nkhuni, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja litafa. Atamutulutsa m'chipatala, mayiwo ananyamula nkhwangwa ya mwamuna wawo n'kukagogoda kwa mwini bekale. Abwanawo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti ayese kaye mwezi umodzi. Zaka zinapita, imvi zinamera, koma panalibe tsiku lomwe anauzidwa kuti kuyesa kuja kwatha.

Luso analiphunzira kwa wodwala yemweyo. Akaweruka ankabwera nayo nkhwangwa kunyumba, bambo atakhala pampando pakhomo, n'kumawalangiza ndi lilime lolemera: mwala unyowe kaye, musakweche ngati mukutsuka poto, mbali zonse zilandire mofanana. Akalakwitsa, bamboyo ankangotembenukira kukhoma, pokhumudwa kuti sangalande n'kuchita yekha. Ana awo awiri anakula ndi nkhwangwa imeneyo. Wamkazi anakwatiwa kutali, wamwamuna anapita kofuna ntchito ndipo chomwe ankatumiza ndi moni basi.

Chitsulo nachonso chimatha. Chifukwa chonoledwa chaka ndi chaka, nkhwangwa ija inafupika kukamwa mpaka inkangodumpha pa chipika, ndipo pabowo lolowera mpini panayamba mng'alu. Mayiwo anapempha yatsopano kangapo konse. Yankho linali lomwelomwelo, lakuti tiona. Ndiye tsiku lina m'mawa abwana anawaitana okha, nati akwere galimoto akasankhe nkhwangwa kusitolo ya zitsulo. Aka kanali koyamba kukwera galimoto imeneyo. Anakhala chokhalira kunsonga kwa mpando, kuopa kudetsa.

Wogulitsa anawatulutsira yofiira, yonyezimira, mpini wake wopakidwa penti. Mayiwo anaikoleka pa chala n'kuimenya ndi msomali. Inangoti gu, ngati chitini chodzaza mchenga. Anaibweza. Ina inalira bwino, koma atatulutsa tupa m'nsalu mwawo n'kukhudza kukamwa kwake, tupayo inadya mosavuta. Chitsulo chotero n'chofewa, chimabuntha dzuwa lisanafike pamutu. Pa ina tupa inangoterereka ngati pagalasi, ndipo anaidziwa kuti imeneyo ikakumana ndi mfundo idzabenthuka. Mipini ankaiyang'ana ndi diso limodzi, kuti aone ngati ili yowongoka ndiponso ngati mizere ya mtengo ikutsika molunjika. Yapenti sankaikhulupirira, poti penti imabisa pofumbwa.

"Mayi, mukusankha ngati mukusankhira mwana wanu mwamuna," anatero abwana akuseka.

"Mwamuna amathawa, bwana. Iyi ndikhala nayo," anayankha mayiwo, ndipo onse m'sitolomo anaseka.

Anasankha yakuda, yosaoneka bwino, yomwe inali pansi pa zinzake. Itamenyedwa inalira nthawi yaitali, tupa inaluma pang'ono chabe, ndipo kulemera kwake kunagwera kutsogolo monga zimafunikira. Vuto linali mpini wokha, umene unatalika kuposa msinkhu wawo. Ali m'njira ananena kuti akaudula pang'ono, koma abwana anakana mwachangu, nati ausiye momwemo. Anawauza kuti apite nayo kunyumba akaikonze bwinobwino, adzabwere nayo Lolemba.

Masiku amenewo m'nyumba mwawo munali ngati mwabadwa mwana. Anapala mpini ndi chibenthu cha botolo mpaka unasalala, kuti usamatulutse matuza. Anaupaka mafuta, n'kuuika pamthunzi kuti umwe, n'kuupakanso. Mnansi wina anawauza kuti auviike m'madzi kuti uthine, koma bambo anakuwa ali pampando kuti ayi, wamadzi ukauma umagwedera kuposa kale. M'malo mwake anasema kamtengo kouma n'kukakhomera pamwamba pa mpini. Kenako mayiwo anagwada pamwala n'kuinola nkhwangwayo. Atamaliza anaipereka kwa mwamuna wawo, ndipo iye anayendetsa chala chachikulu chakumanzere kukamwa kwake, pang'onopang'ono. Mbali yamoyo ya nkhope yake inamwetulira.

Lolemba analawirira, nkhwangwa ataikulunga m'thumba. M'kabwalo muja anapezamo bambo wina wamtali, wa majombo atsopano, atakhala pa chitsa chomwe iwo ankawazirapo. Abwana anatuluka, nalandira nkhwangwa ija, naitembenuza, naiyamikira. Kenaka anaipereka kwa wamtaliyo, nati ndi mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene ntchito inamuthera kwina.

"Inu mayi mwatopa, kapumeni. Thupi si chitsulo," anatero abwana. "Yakale ija mutenge, ndakupatsani."

Mayiwo anafuna kunena kuti yakaleyo ndi yawo kale, anaigula ndi mwamuna wawo bekale isanakhale n'komwe ndi chitseko chachitsulo. Apa ndi pomwe anamvetsa chifukwa chimene anawakanizira kudula mpini uja. Ophika buledi onse anali atalowa mkati, aliyense wotanganidwa ndi ufa. Mmodzi yekha, wachikulire, anawaperekeza mpaka pageti, n'kuwanong'oneza kuti chibale ndi fupa, sichiola.

Kunyumba anangoimika nkhwangwa yakale kuseri kwa chitseko. Bambo anaiyang'ana, nayang'ana manja opanda kanthu a mkazi wake.

Anayamba kuchapira anthu zovala. Zikhatho zomwe zinauma ngati chikopa zinayamba kusenda ndi sopo. Choipa chinali chakuti njira ya kumpopi inkadutsa m'mbali mwa malata aja. Ankamva okha chitsulo chikumenya simenti, poti mlamu uja anaona kuti kunyamulira chipika pa chitsa n'kutaya nthawi. Tsiku lina kutagwa mvula anasuzumira pampata wa malata, naona nkhwangwa ija ili gone m'matope. Kuyambira pamenepo ankazungulira njira yaitali, ndowa ili pamutu.

Patapita miyezi, wophika wachikulire uja anafika pakhomo. Anati abwana akupempha kuti mayi akanole nkhwangwa, chifukwa yasiya kudya ndipo uvuni ukuchedwa kuyaka. Mayiwo anamuuza kuti akawauze abwanawo anolere pa mutu wa mlamu wawo, ndi wouma mokwanira. Wophikayo anaseka, koma sanachoke. Ankadziwa, monga ankadziwiranso mayiwo, kuti mankhwala a bambo anali atatha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayiwo anatenga tupa ndi mwala wawo n'kumutsatira.

Anaipeza itachita dzimbiri, kukamwa kuli mapengomapengo. Mpini unali utagwedera, ndipo munthu anakhomeramo misomali yokhota mpaka mtengo unang'ambika. Anazula misomaliyo umodziumodzi, nasema kamtengo kena, nadya chitsulo chambiri ndi tupa kuti afike pabwino. Zimene akanadya m'zaka anazidya tsiku limodzi. Mlamu uja anaima pambali manja ali m'thumba, n'kumati achite changu, nkhuni zikudikira. Pomaliza abwana anawapatsa kangachepe, n'kuwonjezera buledi wadzulo.

Madzulo bambo anafunsa ngati nkhwangwa ija ikudyabe bwino.

"Ikudya simenti," anatero mayiwo.

Bamboyo anakankhira kutali buledi uja. Mayiwo anamubwezera pafupi, n'kumunyemera, n'kumuuza kuti adye, mankhwala safuna m'mimba mopanda kanthu.

Zinakhala choncho. Ikabuntha ankawaitana, iwo n'kupita, ndipo ulendo uliwonse ankalumbira kuti ndi womaliza. Bambo anamwalira nyengo yozizira yotsatira. Abwana anatumiza mabuledi kumaliro, koma iwo sanabwere.

Kenaka kuitana kuja kunangosiya. Mayiwo anadzamva kwa wophika uja, atakumana pamsika, kuti kubekale anagula uvuni wamagetsi. Mlamu anamukweza, tsopano ndi woyang'anira katundu. Nkhwangwa anaigulitsa pamodzi ndi malata kwa ogula zitsulo zakutha. Mayiwo anafunsa ngati magetsiwo sakuthimathima, ndipo atamva kuti akuthima, anati zili bwino. Anasenza mtolo wa zovala za eni ake n'kulowera kumpopi, poti mzere unali utayamba kale kutalika.