Bango Lopanda Mizu

Nditangokwatiwa kumene, kuseri kwa paki ya m'mbali mwa nyanja kunali dambo. Paki yake inali mabenchi chabe pansi pa mitengo ya mango, pomwe anthu ankapumulirapo Lamulungu. Ine ndinkadula bango kudamboko n'kumaluka mphasa. Amuna anga, nyanja ikakalipa ndi mwera, ankakagwirako milamba.

Chaka china a tcheyamani a chipani m'dera lathu analamula kuti dambolo likwiriridwe, ati limatinyazitsa kwa alendo. Anakumba ngalande, madzi n'kuphwa. Dothi lokwirira silinakwane, ndiye anthu anayamba kutayako chilichonse: matumbo a nsomba, mankhusu ovunda a mpunga wa ku Lifuwu, ngakhale galu wakufa. Mvula itagwa, madzi anasowa kolowera. Nyansi zonse zija zinasefukira m'paki, mphutsi zili yakaliyakali pansi pa mabenchi. Ndinali ndi pakati nthawiyo, ndipo ndikadutsa pamenepo ndinkasanza mpaka ndulu.

Kenako tinamva kuti kukubwera nduna, ndipo imakonda kuona mbalame za m'madambo. A tcheyamani omwewo anaitanitsa msonkhano.

"Tikubwezeretsa dambo lathu," anatero, osaphethira n'komwe. "Banja lililonse lisonkhe."

Anyamata a chipani anayenda khomo ndi khomo. Wopanda ndalama ankamutengera nkhuku. Kwathu ananyamula mphasa zomwe ndinasungira chikuta. Amuna anga anangotchula Mulungu kuti, "Subuhana Llahi," chapansipansi, n'kulowa m'nyumba. Masiku amenewo ukafunsa komwe zosonkhazo zapita, sunkagona kwanu.

Ntchito yakeyo? Anatituma amayi kukadula bango cha ku Khombedza, n'kudzalizika m'matope onunkhawo, lopanda mizu. Ndinalowa mpaka m'mawondo, mimba ili patsogolo. Ndinaponda chinthu chofewa chomwe sindinafune kuchiona, podzambatuka chitini n'kundicheka chala cha kuphazi.

"A tcheyamani, nanga bangoli likauma?" anafunsa mayi wina wachikulire.

"Pomwe lizidzauma nduna idzakhala itapita. Zikani, mayi!"

Nduna inabwera, inaima chapatali mpango uli pamphuno, ife tikuvina ndi kululutira. Sinakhalitse. Pasanapite masiku bango lija linagwa n'kuwolera limodzi ndi zinyalala.

Bala langa linatukusira, mwendo wonse n'kutupa, moti tsiku lobereka litafika ndinapita kukachira ndikutsimphina. Dambolo linadzamera lokha patapita zaka, anthu atatopa kutayako zinyalala. A tcheyamani, atakalamba, ankauza ana kuti amene analibzala ndi iwo.