Sindinafike Padziwe la aNyaMhango

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi ananditumiza kukakhala kwa alongo awo kuseri kwa Msongwe, kumene nyumba za Mzuzu zimayamba kutalikirana ndipo mapiri amayamba. Ife a ku Nkhata Bay amalume timati asibweni, ndipo mpaka lero lilime langa limakana kuwatchula mwina. Asibweni ankakonza mawaya a magetsi m'masitolo a m'tauni, koma mtima wawo unali kumtsinje. Anatseka kamtsinje kotsika m'phiri ndi khoma la miyala ndi simenti, lalitali kupitirira munthu wamkulu. Madzi ankalowa m'paipi, n'kutsetsereka kukazunguza gudumu m'kanyumba ka malata chakumunsi, ndipo gudumulo ndi limene linkayatsa mababu m'nyumba zochepa za m'dera lathu, kumene mapolo a magetsi anali asanafike.

Damulo ndinkalikonda zosaneneka. Amene anagonapo ku Mzuzu amachidziwa chifunga chakeko, chimene chimalowa mpaka m'mphuno, chonunkhira mitengo ya paini ndi dothi lonyowa. M'mawa chinkagona pamwamba pa damu phee, osagwedezeka, ndipo ine ndinkakhala pakhoma miyendo ili lendee, kudikira kuti mitengo ya katope yakutsidya itulukire umodziumodzi. Pansi pa madzi pankaoneka thambo lina. Ndinkakhulupirira kuti kumeneko kulinso Msongwe wina, wa nyumba zozondoka, ndipo kuti magetsi athu tinkabwereka kwa anthu akumeneko. Ndinali mwana wolota ali maso, woti ukamutuma mchere amabwera ndi machesi.

"Iwe Lusungu," ankatero asibweni, "thupi lili pano, nanga mwini wake wapita kuti?"

Mvula ikagwa masiku angapo, mchenga unkadzaza kuseri kwa khoma, mababu n'kuyamba kufiira. Pamenepo asibweni ankatsegula chitseko chachitsulo chimene chinali pansi pa khomalo, pozunguza chiwongolero cha lole yakale, kuti madzi akokolole mchengawo. Akatero, mtsinje wongofika mu akakolo unkasanduka chilombo chofika m'chifuwa, munthu asanamalize n'komwe kuvala nsapato. N'chifukwa chake anaika lamulo lawo. Choyamba, kumenya limu ya galimoto, chitsulo cha m'kati mwa tayala, imene anaipachika pamtengo, kuti onse akumunsi amve. Kenaka munthu atsike ndi miyendo yake m'mbali mwa mtsinje, adutse pansungwi, akhote pathanthwe, afike padziwe lakumunsi, abwerere adzanene ndi pakamwa pake kuti kulibe munthu. Kawirikawiri amene ankatsika anali akazi awo. Ine ndinkaona ngati kumeneko n'kudzivutitsa chabe, pakuti limuyo inkamveka mpaka kumsewu.

Tsikulo linali Lachinayi la patchuthi, m'mwezi wa mvula yowaza. Akazi a asibweni anali atapita ku umanyano, umene anzathu akummwera amati mvano, pamodzi ndi amayi onse a m'deralo, atavala zoyera zawo. Asibweni anayang'ana uku ndi uku, n'kupeza ine.

"Menya chitsulo, utsike. Ukafike padziwe, wamva? Padziwe penipeni."

Ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse. Mawu ake anayenda m'chigwa, n'kubwerera kuchokera kuphiri atafewa. Ndinatsika ndikuimba. Nditafika pansungwi dzuwa linaboola chifunga, ndipo mwadzidzidzi njira yonse inadzaza ndi ulusi wa akangaude, uliwonse utanyamula timadontho towala. Atombolombo ofiira ankaima m'malere pamwamba pa madzi, osapita patsogolo, osabwerera m'mbuyo. Ndinakhala pansi kuti ndione kamodzi kokha. Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Nditadzidzimuka ndinatchera khutu chakumunsi: kunalibe phokoso la zovala zomenyedwa pamwala, kunalibe kuseka kwa atsikana. Ndinadziuza kuti lero ndi Lachinayi, amayi onse ali kutchalitchi, ndipo chitsulo chalira. Ndikafunenji padziwe?

Amene sindinawaganize ndi aNyaMhango. Anali mayi wachikulire wokhala yekha kumapeto kwa mzere wathu, ndipo makutu awo anatsekeka ali mtsikana chifukwa cha matenda. Ku umanyano sankapitako. Abale awo akunyanja akawatumizira chinangwa, ankachiviika m'masaka padziwe lija, n'kutsinjiza ndi miyala, kuti chifewe apange ufa wa kondowole. Ntchito yawo sinkachita phokoso. Bingu lenileni sankalimva, nanji limu ya galimoto.

"Kulibe munthu," ndinatero nditabwerera.

Asibweni anandiyang'ana, manja ali kale pachiwongolero. "Wafika padziwe?"

"Ndafika."

Anazunguza. Chitseko chinalira, khoma linanjenjemera pansi pa mapazi anga, ndipo madzi ofiira anatuluka akubangula, akununkha masamba owola. Ndinaima n'kumaonerera thovu, ndikusangalala. Kenaka, sindikudziwa kuti zinachokera kuti, maso anga anakumbukira chimene anaona pansungwi paja pamene mutu wanga unali kwa atombolombo: mapazi a munthu wamkulu wosavala nsapato m'matope, olunjika kumunsi. Obwerera panalibe.

Mayo ine!

"Asibweni, tsekani! Sindinafike! Sindinafike padziwe!"

Anagwira chiwongolero n'kuyamba kubweza, koma chitseko chotsekedwa madzi akukankha sichimvera msanga. Mitsempha inatuluka m'khosi mwawo. Chitangokhala pansi anadumpha n'kuyamba kuthamanga, ine pambuyo, nsungwi zikundikwapula kumaso.

Tinawapeza aNyaMhango atakakamira mizu ya katope kumunsi kwa dziwe, madzi akuwafika m'khwapa, mpango utapita, m'tsitsi muli mchenga wokhawokha. Sankakuwa. Ankangoyang'ana kumtunda, kumene madzi anachokera, ndi maso a munthu wofunsa. Asibweni analowa m'madzi, n'kumasula zala zawo chimodzichimodzi. Atawatulutsa ndinaona mwendo wakumanzere utapindika pamalo posapindika. Masaka a chinangwa anali atapita onse. Asibweni anawabereka aNyaMhango kumsana mpaka kumsewu, kumene anaimitsa galimoto yopita kuchipatala, ndipo ine ndinatsala ndili chiimire, nditagwira beseni lawo limene ndinalitola m'maudzu.

Ndinkadikira chikwapu, ndipo kunena zoona ndinkachifuna. Sichinabwere. Mawa lake anthu anasonkhana pabwalo la nyumba yathu, ena akunena poyera kuti damulo ligumulidwe lisanaphe munthu. Ndinabisala kuseri kwa chitseko ndikumva zonse. Asibweni anaimirira chipewa chili m'manja.

"Wotsegula ndine," anatero. "Ntchito ya munthu wamkulu ndinatuma mwana. Mukafuna kugumula, gumulani, nyundo ndikubwerekani ndine."

Dzina langa sanalitchule. Anthu anakangana mpaka dzuwa kupendeka, n'kugwirizana kuti damu likhale, koma chitseko chisamatsegulidwe popanda akuluakulu awiri otsika kumunsi. Asibweni anaimitsa gudumu okha, popanda wowauza, n'kunena kuti silizunguliranso mpaka aNyaMhango atabwerera kwawo. Masabata onsewo chigwa chinali zii. Ndinali ndisanadziwe kuti kulira kwa gudumu lija kunali kutalowa m'thupi mwanga. Kutasowa, ngakhale chakudya sichinkatsika. Kudamu sindinapondeko.

ANyaMhango atatuluka m'chipatala, asibweni anandiitana ndikusesa pakhomo.

"Mbali yanga ndinanena pamaso pa anthu. Yako yatsala. Sindikuperekeza."

Ndinapita ndekha. Ndinawapeza pakhonde, mwendo uli m'chikhakha, akusenda chinangwa chimene amayi a umanyano anawasonkhera. Ndinagwada n'kunena kuti monire, mwa chizolowezi chabe. Anamwetulira. Ndiye ndinazindikira kuti mawu onse amene ndinakonza m'njira analibe ntchito. Ndinadziloza pachifuwa. Ndinayendetsa zala ziwiri pansi, monga munthu wotsika, n'kuziimitsa pakati pa njira, n'kuzibweza. Ndinaloza pakamwa panga, n'kugwedeza mutu ngati wovomera. Kenaka ndinaloza mwendo wawo, ndipo misozi inandipambana.

Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Anamvetsa zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, yaitali chomene, mpaka ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Anatambasula dzanja n'kundigwira khutu, osalikoka, kungoligwira, kenaka anagwira lawo n'kupukusa mutu. Atatero anandimenya kambama pa ntchafu, kamodzi, kowawa ndithu. Anasendera pamphasa, n'kundipatsa mpeni wina. Tinasenda chinangwa mpaka beseni kudzaza, wina osayang'ana mnzake.

Papita zaka zambiri, ndipo ndili ndi ana anga amene ndimawatuma. Ndikumvetsa tsopano chimene asibweni sanandifotokozere, mwina poganiza kuti n'chodziwikiratu. Chitsulo chinali cha ife tonse a makutu, amene tikanathawa ngakhale popanda wotiuza. Ulendo wotsika uja, wotopetsa, wooneka wopanda pake, unali wa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo sankadziwa n'komwe kuti pali amene amamuyendera. Kulota kwanga sindikudandaula nako, kunandipatsa ubwana wokoma. Kukhala pansi pansungwi kunali kwa mwana, ndipo ndikanabwerera n'kunena kuti ndalekera panjira, asibweni akanangondiseka n'kutsika okha. Chimene chimandiwawa ndi chakuti anandifunsa, manja ali pachiwongolero, n'kundidikira kuti ndiyankhe.

ANyaMhango sanandisungire chakukhosi. Tikakumana ankandigwira dzanja, nthawi zina n'kundipatsa nthochi. Koma anayenda motsimphina mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda, ndipo nthawi iliyonse ndikawaona akukwera chitunda cha kwathu, akupuma pakati ndodo ili m'manja, ndinkadziwa kuti mwendo umenewo sunathyoledwe ndi madzi. Ndinauthyola ndine, pamene ndinati ndafika.