Wotchi Yosweka Patebulo

Amayi ena amene amasakira maloya a ku South Bend, ku America, akatswiri okachitira umboni kukhoti sakhulupirira munthu. "Digiri ndi pepala chabe," amatero. "Ine ndimaona manja."

Mlandu wa chaka chino ndi wa mayi wamasiye. Mwamuna wake anafa ndi khansa atagumula fakitale yakale momwe munali radiyamu, poizoni wodya mafupa.

Pulofesa wina wa ku Indianapolis atabwera kudzafuna ntchito yochitira umboni pa mlanduwu, amayi osaka akatswiri aja anasiya dala patebulo wotchi yosweka galasi, yofanana ndi zakale zimene ankazipaka radiyamu kuti ziziwala mumdima. Inalibe poizoni, koma mkuluyo sanafunse n'komwe. Anainyamula, kuitembenuzatembenuza, kenako n'kutola mandasi m'mbale osasamba m'manja.

"Zikomo bambo, tikuimbirani," anatero amayiwo akumwetulira.

Mkuluyo atangotuluka, amayiwo anakhwatcha dzina lake.

"Ameneyu radiyamu amangomuwerenga m'buku. Samuopa."