Ndinakalipira Mphepo Pamaso pa Akuluakulu

Ndikuvomera poyera, inu owerenga, kuti ndinawononga galu wabwino chifukwa cha manyazi anga. Mpaka lero ndikakumbukira ndimadzitukwana ndekha, chifukwa wolakwa ndinali ine koma amene anavutika nazo ndi iyeyo.

Ndimagwira ntchito ya unamwino ku South Bend, mzinda wa kuno kutsidya kwa nyanja. Galuyu ndinamutenga kumalo osungira agalu otayidwa, n'kumutcha Mphepo chifukwa cha liwiro lake. Kumene anachokera ankamumenya, moti miyezi yoyamba ukangokweza dzanja ankanyonyomala n'kukodza pomwepo. Mayi wina wophunzitsa agalu, dzina lake Doris, ndi amene anandikokera m'masewera aja galu amadumpha mipiringidzo, kulowa m'mapaipi ndi kuzemba timitengo, mwini wake akuthamanga pambali kumulozera njira. Zaka ziwiri tinapraktisa, kuzizire kusazizire. Mphepo anafika pondikhulupirira kwambiri, ndikaloza kumanzere iye kumanzere, osakayika. Doris ankandiuza kuti galu amawerenga mapewa, mapazi ndi kapumidwe ka mwini wake, choncho mutu wanga uzikhala m'bwalo basi. Ine ndinkangoti eya eya, mumtima n'kumati zachizungu izi.

Mpikisano wathu woyamba unali ku Indianapolis, cha ku Beech Grove. Pakamwa pangapa ndi pamene panayambitsa zonse. Ndinadzitama pa gulu lathu la pafoni la Amalawi, tsiku ndi malo omwe ndinalemba. Loweruka lakelo ndinangoona anthu asanu atulukira, akuchokera kogula ufa ku Lafayette Road. Patsogolo panali a Phiri, mkulu wa mpingo amene anandisunga m'nyumba mwawo nditangofika m'dziko lino, pamodzi ndi akazi awo.

Apa mumvetse bwino. Mpikisano usanayambe amapereka mphindi zochepa kuti eni agalu alowe m'bwalo okha, ayende njira yonse motsatira manambala, aloweze pokhota ndi poima. Njirayo imakhala yatsopano nthawi zonse, ndipo ukaphonya mphindi zimenezo palibe zobwereza. Alendo angawo anafika ndendende pamene ankatiitana. Ndikanatani? Munthu wamkulu watambasula dzanja, ine ndimudutse ati ndikuthamangira bwalo la agalu? Ndinavula chipewa n'kuyamba kupereka moni mmodzimmodzi, dzanja lamanzere litagwira mkono. Mwayenda bwanji, mwasiyako bwanji kunyumba, nanga ana, nanga mwendo uja wa amayi. A Phiri sadziwa moni wachidule, anayamba kundifotokozera za maliro a ku Ntcheu, amene anafika ndi amene sanafike. Doris ankandikodola uku akuloza wotchi, ine n'kumangomwetulira ngati chitsiru. Pomwe ndinkamasuka ndinangoyenda theka la njira, nthawi n'kutha.

Ndikukatenga galu, amayi Phiri anandikuwira uku akuseka, "Koma achimwene, zoona bambo wandevu ngati inu mwadraiva mtunda wonsewu kudzathamangitsana ndi galu?" Onse anaseka. Analibe choipa mumtima, koma mawuwo anandichititsa manyazi.

Titaima poyambira, m'malo mopuma kaye n'kuyang'ana galu wanga, maso anga anali pa benchi pomwe anakhala. Ndinkafuna aone kuti izi si zachibwana. Zodumpha zoyambirira zinayenda bwino. Tikufika pakati, mutu unangoti zii, nambala yotsatira osaiona. Ndinaloza paipi yolakwika, Mphepo n'kulowamo mokhulupirika monga ndinamuphunzitsira. Pa benchi wina anati, "Hii, wasochera galu uja!" ndipo kunamveka kuseka.

Basi, mtima unandipsa. Anatuluka mwa ine ndi munthu uja wakumudzi amene amapirikitsa galu wakuba nsomba m'khitchini. Ndinaponda pansi mwamphamvu, dzanja m'mwamba, n'kukuwa, "Iwe! Galu wopusa! Choka apo!" Mphepo ananyonyomala pakati pa bwalo, mchira pakati pa miyendo, n'kukodza anthu onse akuona. Woweruza analiza wezulo n'kutitulutsa, chifukwa kuopseza galu n'koletsedwa.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi chakuti panja a Phiri anandigwira paphewa n'kunena, "Pepani, agalu ndi choncho, samva." Ndipo ine ndinavomera! Ndinagwedeza mutu, ine amene ndinaloza paipiyo ndi chala changa. Doris anandipeza pa galimoto. Anangoti galuyo wachita zonse zimene ndinamuuza, n'kutseka chitseko.

Papita chaka ndi theka tsopano. Kunyumba Mphepo amadya, amasewera, amagona pamapazi anga. Koma tikangolowa m'bwalo, ine n'kukweza mkono kuti ndiloze chodumpha, amagona pansi n'kubisa mutu. Ndayesa chiwindi chowotcha, ndayesa mpira, ndayesa kunyengerera mpaka mawu kusasa. Ayi ndithu. Akagwira chingwe Doris, yemweyo amathamanga ngati poyamba, ndipo mwezi wathawu anamaliza njira yonse osalakwitsa paliponse. Ine ndinali pa benchi, ndikuwomba m'manja ngati mlendo wongodutsa.

Inu owerenga amene muli m'masewera amenewa, kapena mukufuna kuyamba, ndimvereni. Galu mungamuphunzitse zaka, koma ngati simunaphunzitse mutu wanu mukupita kukamupereka. Musaitane anthu amene mukudziwa kuti mukawaona mumasokonezeka. Akabwera okha, apepeseni mwaulemu kuti moni weniweni mupereka mukamaliza, adandaula pang'ono koma sadwala nazo. Mukaphonya kuyenda njira, kapena mukamva kuti mtima wakwera, tulukani pamzere, mpikisano wina ubwera. Ndipo mukasochera m'bwalo, muyamikireni galuyo n'kutuluka naye mukuseka, chifukwa wasochera ndinu.

Khirisimasi yapitayi ndinakumana ndi a Phiri ku mapemphero a Amalawi. Anandifunsa ngati ndikadali ndi kagalu kaja, ndipo sankakumbukira n'komwe ngati tsiku lija tinapambana kapena ayi. Anthu amene ndinkaopa kuti andiseka anaiwala asanafike n'kunyumba komwe. Mphepo sanaiwale, ndipo sadzathamanganso nane.